Galu wa Pansi pa Utuchi

Lolemba, 13 Novembala 1978

Andigoneka bedi lachitatu kuchokera kukhomo, wodi ya amuna, kuno ku Mzimba. Ndine Pearson, wonola macheka kumalo ochekera matabwa a paini ku Luwawa, koma kwathu ndi ku Dedza. Ndalemba dzina kuti ndikafa asanamizire wina kopeli. Ndi kope langa lakuntchito, kumbuyo kunatsala masamba.

Mwendo wamanzere watupa kuyambira pakatumba mpaka m'bondo. Mwanabere ngati dzira la nkhuku. Kutentha kwa thupi 102. Galu anandiluma masiku asanu ndi atatu apitawo.

A Chikomeni, amene kuno onse amangoti adokotala, atamasula nsanza yanga anatembenuzira mphuno kuzenera.

"Mwathiramo chiyani m'balamu?"

Ndinati ubweya wa galuyo. Tinautentha paphale n'kupaka phulusa lake, monga timachitira kwathu.

"Galu wa yani?"

"Wosochera. Anandipeza m'nkhalango."

"Wosochera koma waulemu, mpaka kuima kuti mumumete. Analumanso munthu wina?"

Ndinati ayi, ndinali ndekha.

Nesi watsuka balalo ndi sopo, akuthira madzi osalekeza mpaka ndowa ziwiri, ine ndikulira ngati mbuzi. Akuti izi n'zimene ndikanachita tsiku lomwelo, madzi ndi sopo basi, kenaka kuthamangira kuno. Sanasoke, akuti bala la galu salitseka. Penisilini m'thako, jakisoni wa kafumbata pamkono.

Lachiwiri, 14

Jakisoni woyamba wa chiwewe, pamimba pafupi ndi mchombo. Onse pamodzi akhala khumi ndi anayi, tsiku lililonse mmodzi, chifukwa galu wosadziwika amangomuwerengera kuti ngwachiwewe. Singano yake ngati yosokera matumba. Mayo!

Pepala silipita lokha kupolisi, ndiye ndilembe zoona. Dzulo ndinanama. Galuyo anali wanga, dzina lake Zakwanu. M'malayini mwathu, m'nyumba za antchito, galu ngwoletsedwa, ndipo chichokereni Seputembala kuli lamulo lakuti galu wosamangidwa, wopanda chikalata cha katemera, aomberedwe. Ine ndinkamubisa m'khitchini, Lamulungu n'kumakagwira naye agwape m'nkhalango ya boma. Milandu iwiri imeneyo. Chaka chatha munthu wina wa layini yachiwiri anangonena kuti "nanga galu walakwira chiyani boma" pamene ankaombera wake. Anabwera kudzamutenga pagalimoto, mpaka lero sanabwere, mkazi wake anamutulutsa m'nyumba ndi miphika yomwe. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Mwezi watha nkhandwe inalowa m'malayini masanasana, Zakwanu analimbana nayo. Mwezi uno utangoyamba anasiya kudya, dovu likungotsika. Ine ndikuti fupa linamuima pakhosi, si chiwewe ayi. Lamulungu pa 5 mwana wanga Nesta, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anakamukoka mchira kuseri kwa nkhuni. Galu anamugwira patsaya, m'munsi mwa khutu, timabowo tiwiri. Ndinalowa pakati, n'kundigwira katumba. Ndinamupha ndi mpini wa nkhwangwa, n'kumumeta ubweya, n'kumukwirira pansi pa mulu wa utuchi.

Phulusa tinapaka tonse awiri. Kabala ka Nesta kanapola masiku anayi, poti myaa. Ndiye mankhwala akwathu amagwira. Langa linaola chifukwa choyenda m'matope.

Pochoka ndinamuuza mkazi wanga Felesta pakhomo: "Amake Nesta, aliyense wobwera kudzafunsa za galu, mukane. Ngakhale anene kuti ndamutuma ine, ngakhale anene kuti ndaulula, ndi msampha umenewo. Mukane, ndipo mwanayo asamuone." Felesta ndi Mtumbuka wa cha ku Embangweni, sukulu sanapite, koma mawu ukamupatsa amawasunga ngati mbewu. Pamenepo mtima wanga uli m'malo.

Lachitatu, 15

Wachiwiri. Kutentha 101. Mafinya akutuluka bwino.

Anansi anga. Kudzanja lamanja kuli mdala Saulosi, wofula njuchi. Anakwera kumng'oma dzuwa lili paliwombo, atakhuta kachasu, muuni wa utsi ataiwala pansi. Nkhope ngati dzungu, maso sakuoneka, milomo ngati ya ng'ombe. Mkazi wake anazula mbola ndi zikhadabo, akufinya, ndiye akuti ululu wonse anangoukankhira m'kati. Nesi wati mbola umapala ndi msana wa mpeni, suitsina. Ndamufunsa mdalayo ngati uchiwo unali wokoma. Wangoti, "Yewo, dada," akuyang'ana kukhoma, kuyesa ndili kumeneko.

Kumanzere kuli Yasini, telala wa kumsika. Mphiri inamuluma kuseri kwa benchi yake. Abale ake anamumanga mwendo ndi mpira wa njinga, kumanga kwenikweni, n'kutema mphini, n'kudikira mpaka mawa lake. A Chikomeni ati njokayo inachita theka la ntchito, theka linalo anamaliza abale. Zala zakuda bii, fungo losanena. Ndamuuza kuti asadandaule, makina opukusa ndi dzanja aliko. Sanaseke. Anthu ena nthabwala sadziwa.

Nyemba za muno zili ndi anankafumbwe ambiri kuposa nyembazo.

Lachinayi, 16

Wachitatu. Pamimba payamba kutupa, pakuyabwa. Mutu waukulu. Palibe cholemba.

Lachisanu, 17

Wachinayi. Kutentha 99. Mwanabere wachepa.

Kwabwera Wallace, dalaivala wa lole yathu ya matabwa, amene amabwera ku Boma Lachisanu lililonse. Wanditengera mazira owiritsa anayi ndi chinangwa chochokera kwa Felesta. Akuti Nesta akusewera fulaye ndi anzake, akufunsa kuti adada abwera liti. Ana obadwira kuno ndi choncho, "adada, adada", Chichewa changa akuchimva ngati cha pawailesi. Mwaona? Mwana ali bwinobwino.

Mazira ndadya onse ndekha. Saulosi diso limodzi latseguka, ndipo chinthu choyamba kuona padziko chinali ine ndikumeza dzira lomaliza.

Loweruka, 18

Wachisanu.

Masana abwera ndi munthu pangolo, woweta ng'ombe, mwamuna wa mphamvu zake. Amuna anayi anamugwira kuti alowe. Amuika m'kachipinda ka kumapeto kwa wodi, n'kutseka. Kulira kwake si kwa munthu. Amalira, n'kukhala chete, kenaka n'kuyankhula bwinobwino ngati ine ndi iwe, kupepesa anthu amene wawavutitsa. Kupepesako ndiye koipa kwambiri.

M'bale wake anakhala pakhonde pafupi ndi zenera lathu, Saulosi akucheza naye m'Chitumbuka. Ndinafunsa kuti akuti chiyani.

"Akuti chiwewe," anatero Saulosi. "Kagalu kakang'ono chomene, kanamugwira chala chachikulu mu Seputembala."

"Balalo linaola?"

"Ayi, dada. Akuti masiku atatu mbwenu lapola. Anaiwala ndi kuiwala komwe."

Ndinati ndi tsoka lake. Ndinafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo.

Lamulungu, 19

Wachisanu ndi chimodzi.

Kunabwera amayi a mapemphero, anaimba nyimbo ziwiri, munthu uja atayamba kukuwa anafupikitsa pemphero. Nesi ankathira madzi m'beseni kuno kukhomo, wodwalayo ali kutali uko, chitseko chotseka, koma atangomva kuti khwaa anakuwa ngati amuthira mafuta amoto. Akuti ludzu ali nalo, akupempha madzi, koma akawaona khosi limatseka.

Potsuka bala ndinamufunsa nesi, ngati zocheza, kuti bala likapola si ndiye kuti ululu watuluka?

"Khungu kupola si kanthu, bambo. Chiwewe chimayenda m'kati mwakachetechete kupita kumutu. La kumwendo chimatenga nthawi. La kumaso ndiye njira yachidule. Chikafika, palibe mankhwala, ngakhale kwa azungu. Mwafunsiranji?"

Ndinati ndikufunsira mnzanga.

Sindinadye.

Lolemba, 20

Wachisanu ndi chiwiri.

Woweta ng'ombe uja wamwalira cha m'ma 2 koloko masana. Matiresi ake awatentha kuseri. Wodi yonse ili zii, ngakhale Yasini wasiya kubuula.

A Chikomeni akudutsa ndinatsegula pakamwa, Mulungu ndi mboni. Koma pabedi la tsidya panali mlendo wovala baji yachipani pachifuwa, wodzaona m'bale wake. Ndinapempha mankhwala a mutu. Anandipatsa asipulini awiri.

Ntchito, nyumba, ndende. Nanga ndikamangidwa mwanayo adya chiyani? Ndakhala ndikudziuza zimenezi tsiku lonse. Mwina linalidi fupa. Mawa.

Lachiwiri, 21

Wachisanu ndi chitatu. Atangozula singano ndinawagwira mkono a Chikomeni n'kunena zonse. Nkhandwe, dovu, utuchi, Nesta.

Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Pati?"

"Patsaya."

"Liti?"

"Pa 5."

Anawerenga ndi zala pamaso panga, pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa mwana wa sitandade wani. Masiku khumi ndi asanu ndi limodzi.

"Bambo Pearson, za galu wanu ine ndilibe nazo ntchito, sindine wapolisi. Mukanamumanga masiku khumi tikanadziwa tokha ngati anali wachiwewe. Mukanabwera ndi mwanayo Lolemba lija, bwenzi lero ali ndi asanu ndi atatu ngati inu. M'firiji muli mankhwala okwana ana khumi. Ndinakufunsani. Inu mwabayitsa asanu ndi atatu mukuyang'ana kudenga."

Ndinati asiye kundibaya, otsalawo asungire mwana.

"Mwamva kuti akusowa mankhwala? Akusowa ndi mwanayo. Gonani, mawa wachisanu ndi chinayi."

Wodi yonse inamva. Saulosi, amene tsopano akuona ndi maso onse, anandiyang'ana n'kunena, osati kwa ine koma kwa Yasini: "Nanga fisi amadya mwana wake?"

Mawa atuma wa zaumoyo panjinga yamoto.

Lachitatu, 22

Wachisanu ndi chinayi.

Wa zaumoyo ananyamuka m'mawa, atavala khaki wake, chipewa, nsapato zazitali, buku m'khwapa. Ndinamuona pazenera. Ndinakuwa kuti avule khakiyo, apite ngati munthu wamba. Njinga inali italira kale.

Wabwera cha m'ma 4, fumbi lokhalokha, wokwiya. Anaima kumiyendo kwa bedi langa.

"Mwandiyendetsa ulendo wachabe, bambo. Mkazi wanu akuti galu simunakhale naye chibadwire. Mwana akuti ali kumudzi. Anansi onse, layini yonse, akuti galu sanamuonepo. Ndinamuuza kuti mwandituma ndinu, kuti mwaulula nokha. Mukudziwa chimene wayankha? Akuti, 'Ngati anena choncho mbwenu matenda awalowa m'mutu.' Ndiye wabodza ndani, inu kapena iye?"

Ndinafunsa ngati analowa m'nyumba. Akuti mkaziyo anaima pakhomo ngati chipika, ndipo iye alibe chilolezo chothyola nyumba za anthu.

Nesta anali m'katimo. Ndikudziwa. Pansi pa bedi, atamuuza kuti akhale chete.

Felesta, Felesta, bwanji sunakhale ngati akazi a anzanga, osamva?

Kalata sindingalembe. Kuti aimve ayenera kupatsa munthu wina awerenge, ndipo sangapatse munthu.

Lachinayi, 23

Ndinathawa m'mawa phala lisanabwere. Ndinatenga ndodo ya Yasini iye ali mtulo. Kuchokera pano kukafika kudepoti munthu wabwinobwino ndi mphindi khumi, ine ndinatenga ola. Basi yodutsa cha kwathu inali itaima, injini ikulira.

Pachipata panali achinyamata a chipani atatu.

"Khadi, bambo."

Khadi lachipani lili m'thumba la buluku, buluku lili m'sitolo ya chipatala, kiyi ali ndi nesi. Ine ndili ndi zovala za odwala zamizeremizere. Ndinafotokoza. Ndinati mwana wanga afa. Ndinagwada, ine Pearson, pamaso pa ana oti ndikanawabereka. Ndinayesa kuchonderera m'Chitumbuka chawo chomwe, "naweya, naweya."

"Aliyense wopanda khadi mwana wake akufa," anatero wamtaliyo. "Dzulo anali asanu."

Anandikhazika padzuwa pamodzi ndi amayi awiri ogulitsa tomato, n'kutiimbitsa nyimbo. Akuti sindikuwomba m'manja mokwanira. Basi inatuluka ndikuimba. Kenaka wina anaona magazi akutsika m'bandeji, anati ndichoke ndisawadetsere pantchito.

Bala latseguka. Nesi watsuka mosanyengerera, ndipo ndikuganiza kuti amachita dala. Wakhumi.

Yasini wachotsa ndodo yake, waiika mbali inayo.

Lachisanu, 24

Wa khumi ndi chimodzi. Kutentha 100.

Wallace wabwera chimanjamanja. Akuti nyumba yathu ili ndi loko. Felesta anachoka Lachitatu lomwelo, wa khaki atangotembenuka, mwana kumsana, wapansi kudzera m'mapaini. Anthu akuti wapita kwa amayi ake kuseri kwa Embangweni.

Ndamupatsa Wallace chipewa changa, chimene Felesta anachisoka yekha m'mphepete ndi ulusi wofiira. Ndati akachiona adziwa kuti ndine. Ndati amuuze kuti mawu aja ndawamasula, abwere ndi mwana lero lomwe, ngakhale andimange. Wallace wati lole sangaipatutse panjira, angamuchotse ntchito. Mawa ali ndi ulendo wina. Lamulungu apita panjinga yakapalasa.

"Lamulungu ndi kutali, achimwene."

"Inu munali ndi masabata awiri," watero. Wavala chipewa changa pamwamba pa chake n'kutuluka.

A Chikomeni aimba telefoni kuchipatala cha kufupi ndi mudziwo kuti atumeko munthu.

Loweruka, 25

Wa khumi ndi chiwiri.

Yankho la telefoni: munthu anapita. Mudzi wonse ukuti Felesta sakumudziwa. Apongozi anga enieni, amene ndinawagulira bulangete chaka chatha, ati alibe mwana wa dzina limenelo. Akumuteteza. Onse akumuteteza.

Yasini amudula phazi m'mawa. Mkazi wake Mwasiti anabwera ndi mpunga wa mafuta, anagawira bedi lililonse pang'onopang'ono, ngakhale aja osadya. Pa ine anadutsa ngati pali matiresi okha.

Saulosi watuluka. Wayenda bedi ndi bedi, "yewo, yewo, khalani makora." Ine wandidumpha. Atafika pakhomo anabwerera, n'kuika kabotolo ka uchi pa kabati yanga.

"Si kanu. Ka mwana, akafika."

Lamulungu, 26

Wa khumi ndi chitatu. Kutentha 98. Bala lauma m'mphepete, nyama yatsopano yofiira bwino. Nesi akuti ndili ndi thupi labwino, lochira msanga.

Pakadafunda padajiwitsa galu. Mwambi umenewu ndinkauza anyamata ochedwa kubweretsa macheka.

Tsiku lonse ndayang'ana kugeti.

Lolemba, 27

Wa khumi ndi chinayi, womaliza. Nesi walemba pakhadi langa kuti ndamaliza.

Afika cha m'ma 3. Wallace patsogolo, Felesta pambuyo, Nesta kumsana atamufunditsa chitenje mpaka kumutu. Ndinati tapulumuka. Ndinaimirira popanda ndodo.

Felesta sanandipatse moni. Anagwada pansi pakati pa wodi ya amuna, n'kumasula mwana.

"Awiske Nesta, kuyambira Loweruka thupi likutentha. Akukanda patsaya paja mpaka magazi. Dzulo wakana phala. Lero wakana madzi."

Waonda mwana wanga, maso aakulu. Anandiona n'kumwetulira. "Adada." Mawu ake asintha, ngati a munthu wachimfine.

A Chikomeni anabwera, anagwada, anamuyankhula m'Chitumbuka mofatsa, mawu amene sindinawamvepo m'kamwa mwawo. Anatenga khadi langa lija n'kumupepesera nalo kamphepo kumaso. Nesta anadzidzimuka thupi lonse, khosi linakokeka, anagwira chitenje cha amake. Kenaka anamubweretsera kapu ya madzi. Anaitambasulira dzanja yekha, ludzu, koma itafika pamlomo anaikankha, n'kukuwa. "Maji yayi! Maji yayi!" Madzi onse pansi.

A Chikomeni anaimirira, n'kupukuta manja pa jasi.

"Jakisoni," ndinatero. "Ali m'firiji. Munanena nokha."

"Tsopano alibe ntchito."

Ndinatembenukira Felesta. Ndilembe izinso, poti ndinayamba kulemba zoona. Ndinamutukwana. Ndinati chitsiru, mbuli yosaphunzira, munthu wabwera ndi njinga kudzapulumutsa mwana iwe n'kumubisa. Ndinakuwa wodi yonse ikumva.

Anandisiya ndimalize. Sanalire.

"Munati ngakhale anene kuti mwamutuma. Munati ngakhale anene kuti mwaulula. Ine ndinamuika pansi pa bedi, ndinamutseka pakamwa ndi dzanja ili, akufuna kuona njinga yamoto. Ndinayenda naye m'mapaini mpaka mapazi anasweka. Ndinauza amama kuti akane mwana wawo. Ndiuzeni, awiske Nesta, ndi mawu ati amene ndinalakwitsa?"



Amuika m'kachipinda ka kumapeto. Matiresi atsopano.

Lachiwiri, 28

Anditulutsa m'buku, akuti ndachira. Bedi langa mwalowa kale munthu wina. Buluku andibwezera.

Nesta akumubaya jakisoni wogonetsa, m'mawa ndi masana. Akagalamuka nthawi zina amadziwa zonse, amafunsa za anzake a fulaye. Nthawi zina amadzigwetsa, kumenyetsa mutu kuchitsulo cha bedi, malovu akungotuluka. Wagwa pansi kawiri. Uchi wa Saulosi ndinayesa kumupaka pamlomo ndi supuni, walavula.

Felesta amuletsa kulowa. Malovu akamugwera m'maso kapena paming'alu ya m'mapazi ija, akuti nayenso alowa m'mavuto. Amuyambitsa majakisoni ake lero. Wakhala pansi pakhonde, pansi pa zenera la kachipindako, akumuimbira. Nesi akalowa amavala magolovesi awiriawiri, ndipo sakhalitsa.

Masana a Chikomeni anandiitana pakhomo la kachipindako. M'manja anali ndi nsalu yoyera yong'ambang'amba, zingwe zinayi.

"Akagwanso athyoka khosi. Ayenera kumangidwa. Anesi anga ali ndi ana awo, sindiwakakamiza. M'chipatala chino chonse munthu amene wabayitsa onse khumi ndi anayi ndinu nokha. Pamkono, osati padzanja. Mfundo ziwiri, musathinitse, chala chizilowa. Mukatero mukhale naye. Mwina masiku awiri, mwina atatu."

Ndinalowa, iwo anatseka.

Anali maso, ali phee. Tsitsi lanyowa ndi thukuta. Atandiona ndikuwerama anatambasula manja onse awiri, kuyesa ndabwera kudzamunyamula.

"Adada, tikupita kunyumba?"

Ndinati inde, mwanawe, tikupita.

Ndinayamba ndi wamanja.